Wometa Amene Ankapaka Anthu Mafuta a Nsomba

Aliyense amene anametedwapo ndi mlamu wanga ankachoka akununkha nsomba. Ena akuti ndisamunene poti anamwalira. Ndimunena.

Anthu ankamutcha a Kapisozi. Pa shelefu ya m'nyumba yake yometera, pomwe anzake amaika zipeso ndi sipiriti, iye anandandalika mabotolo: mafuta a nsomba, ufa wa chikasu, mapiritsi a adyo, zonse zoti munthu asamaiwale akakalamba. Bambo ake anamwalira osazindikira ana awo, ndiye mantha anamulowa mpaka m'mafupa.

Kumwa ankamwa, koma sizinamukwanire. Akakumeta mpala, ankaboola kapisozi ndi nsonga ya sizasi n'kukupaka pamutu.

"Alamu, n'chiyaninso chimenechi?" ndinamufunsa tsiku loyamba.

"Ubongo uli pansi pomwepa. Mankhwala azungulirenji kumimba?"

"Ndikununkha ine!"

"Mwaona? Mphuno yatseguka kale. Ubongo ukutsatira."

Abusa anawapaka chikasu Loweruka, m'mawa mwake n'kukalalikira mutu uli ngati papaya lakupsa. Dalaivala wa basi anaperekezedwa ndi amphaka mpaka kudepoti. Ndiye mafunso akewo! Lumo lili pakhosi pako, iye: "Dzana munavala malaya anji?" Ukalephera, adyo m'kamwa.

Tinkaseka. Ine ndinasiya kuseka pamene mkazi wake, mlongo wanga, anaika nsapato mufiriji, kenako n'kusochera pamsewu wa kunyumba kwake komwe.

"Tipite naye kuchipatala," ndinatero.

"Akamupatsa chiyani chimene ine ndilibe?"

"Nzeru, alamu. Zimenezo ndiye mulibe."

Anakana. Ankangowonjezera mabotolo. Tsitsi la mlongo wanga, lalitali lija, analimeta lonse kuti mafuta azilowa bwino. Tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kumuswa ndi mpando wake womwe. Ndinamutenga mlongo wanga mokakamiza kupita naye kuchipatala, mwamunayo akutitsatira pambuyo akung'ung'udza. Namwino anati matenda analowa kale, ndipo mabotolo aja sakanawaletsa, koma tikanabwera msanga akanatiphunzitsa kumusamalira. Anamuyezanso mlamu wangayo n'kumuuza kuti magazi ake akuthamanga kwambiri, azimwa mankhwala tsiku lililonse.

"Adyo akwanira," anatero a Kapisozi.

Anagwa ali pantchito, sizasi m'manja. Kasitomala wake anabwera kumaliro mutu uli wometedwa mbali imodzi, chifukwa panalibe wometa wina amene anafuna kumalizitsa. Kukumbuka, mlamu wangayo ankakumbukadi mpaka tsiku lomaliza, zimenezo ndivomera. Chitsiru chosaiwala kanthu.

M'nyumba yometera muja tsopano akugulitsamo mafoni. Pakhonde palibenso wokhala, palibenso wokangana. Mlongo wanga ali kwa ine. Sandidziwa, amanditcha "bambo inu". Ana ake ndi amene andiuza zimene sindinkaona: m'mawa uliwonse, asanatsegule ntchito, mwamunayo ankamusambitsa, kumuveka, n'kumudyetsa ndi supuni akumutchulira mayina a ana awo mmodzimmodzi. Ine ndikamubweretsera chakudya amatseka pakamwa n'kuyang'ana kukhomo.

"Idyani, achemwali."

"Ndidikira abambo akunyumba. Akubwera."

Ndimakhala pomwepo, supuni m'manja, chakudya chikuzizira, ndikutukwana mumtima munthu amene akanangomeza piritsi la kuchipatala bwenzi lero akulowa pakhomopo.