Sabata Yopempha Malovu

Lolemba
Sindinaphunzire za mano kuti ndizingozula basi. Mavirusi amayenda m'malovu, ndipo m'malovu momwemo tingawapeze osabaya munthu singano. Galimoto ya laboratoriyo ichokera ku Tete Loweruka. Ndikaipatsa mafurasiko, timabotolo ta malovu, ali odzaza, dzina langa lilowa pa pesikiza, kafukufuku wa madotolo, njira ya ku univerisidade n'kutseguka. Mafurasiko alipo, masikara yotchinga pakamwa ilipo, jelera yosungiramo malovuwo ikuzizira. Furancungo asintha!

Lachiwiri
Ndikuphunzitsa odwala pakhonde. Onse akuvomera ndi mitu. Ndikutulutsa furasiko, mitu ija yaima. Mayi wina: “Malovu anga apite ku Tete, ine ndili kuno? Akakagwera m'manja mwa woipa mtima?” A Fulaviyo, mkulu wa mpingo amene ndangowazula dzino, alavula panja n'kukwirira ndi phazi, maso ali pa ine.

Lachitatu
Nzeru ina: aliyense atenge furasiko, akalavulire kwawo m'mawa asanadye. Akulandira ndi manja awiri. Mafurasiko atsala awiri okha!

Lachinayi
Mafurasiko anga ali kumsika. Muli fodya wa m'mphuno, mchere, mbewu ya tomato. Akuti chivindikiro chake n'chabwino. Limodzi labwerera lodzaza thoo: alavuliramo banja lonse, “mutiyezere pamodzi, a dotolo”.
Masana ndikwera mota kupita kuchigafa cha a Fulaviyo, komwe azibambo akusankha fodya. A Fulaviyo akuti: “Munthu amene sitinamwere naye chikho chimodzi tingam'patse bwanji malovu?” Chikho cha thobwa chikuzungulira. Amene akundipatsira akutsokomola. Zomwe zili m'mphepete mwa chikhocho ndikuzidziwa maina ake. Ndamwa.

Lachisanu
Uthenga wafika kuchokera kuchigafa: andikhulupirira, adzalavula onse. Liti? Fodya akagulitsidwa. Mwezi wamawa!

Loweruka
Kukhosi kukukanda, mphuno ikuchucha. Galimoto yaima panja, shofeli sakuzimitsa n'komwe. M'jelera mulibe kanthu. Ndikutenga furasiko, ndikulavuliramo ndekha kuseri kwa chitseko. Shofeli akulizunguza m'mwamba: “Ndayendera fumbi lonseli chifukwa cha aka?”

Lamulungu
Kutchalitchi sindipita. Bulangete, mutu waukulu, tiyi wa mandimu. Kapu yanga ndaiika payokha, asamwere wina. A Fulaviyo atumiza mawu akuti ndisadandaule, chimfinechi chagwira chigafa chonse, tsopano ndine mnzawo.
Dzina langa lapitadi ku Tete. Lili pa furasiko, kumbali ya odwala.