Tsiku Limene Ndinazira Zilembo ndi Manja

Mpaka lero ndikafika kuchigayo, amayi ena amayamba ayang'ana manja anga asanandipatse moni. Sindiwadzudzula ayi. Ndinaziputa ndekha, palibe anandituma.

Nkhani yake ndi ya mdzukulu wanga Tadala, amene ndamulera kuno ku Champiti kuyambira ali kumsana. Anapeza mnyamata wa ku Bwanje, kuja amalima mpunga, ndipo akuchimuna anatumiza mawu kuti abwera Loweruka kudzaona pakhomo chinkhoswe chisanachitike. Mwanayo anasesa mpaka kuseri kwa khola la mbuzi. Kenaka anapita kwa kalipentala wina ku Nsipe, n'kubwerako ndi zilembo zamatabwa m'jumbo, pamodzi ndi kachitini ka penti wofiira. Akuti zikapachikidwa pakhoma la pabalaza zizinena kuti takulandirani. (Ine sukulu ndinkangoidutsa panja popita kudimba, ndiye ndinangovomera. Chimene ndinaona ine ndi china chonga khasu, china chonga goli la ng'ombe, ziwiri zonga munsi, ndi zina zonga denga la nkhokwe.)

Lachisanu m'mawa mwana uja anagwira m'mutu.

"Agogo, bulashi ndinaiwala! Ndithamangire ku Boma ndikagule, ndikamangitsenso tsitsi. Chonde musazikhudze."

"Ndizikhudzirenji?" ndinatero ine. "Kodi ndi zakudya?"

Tsono muyenera kudziwa kuti pa kuzira, mudzi uno mulibe wondiposa. Khonde ndikalizira ine ndi dothi lakuda n'kulipititsa nkhulungo, nkhuku imachita manyazi kupondapo. Ndipo inali nyengo yachisanu, dzuwa likungosuzumira m'nkhungu n'kubwerera. Ndinakhala pansi n'kuganiza: tsitsi la masiku ano amamanga tsiku lonse, mwanayu pobwera dzuwa likhala litapita, zinthuzi ziuma liti? Nanga bulashi ndi chiyani? Makoma onse a amayi anga tinkatsutsuta ndi chikhatho.

Ndinatsegula chitini ndi mpeni, n'kukhuthulira penti pang'ono m'kabeseni. Anali wolimba, ndiye ndinathiramo madzi monga timachitira ndi dothi. Koma penti ndi madzi zinangozembana ngati mkamwini ndi apongozi ake akakumana panjira. (Munthu wanzeru akanalekera pomwepo.) Ine ndinangotsanula madziwo, n'kupisamo dzanja.

Ndisakunamizeni, ntchito inakoma. Penti ndi wofewa kuposa dothi lililonse limene ndinaligwirapo, alibe timiyala tobaya zala. Ndinazira goli lija, ndinazira khasu lija, m'makona ndikulowetsa chala chaching'ono, uku ndikuimba nyimbo ya kumpingo. Nditamaliza ndinaziyanika pathandala, zikuwala ngati tomato wa pamsewu. Ndinaima patali n'kudziyamikira ndekha.

Kenaka ndinapita kukasamba m'manja.

Madzi anangotsetsereka ngati patsamba la koko. Ndinatenga sopo, osatheka. Phulusa, mchenga, ndimu, mpaka mwala wanga wokwechera zidendene. Chimene ndinapindula ndi chakuti kufiira kuja, kumene kunalekezera m'zikhatho, kunakwera mpaka kufupi ndi zigongono.

Tadala anafika dzuwa litapendeka, tsitsi atamangitsa bwinobwino, bulashi m'manja. Anayang'ana pathandala, anayang'ana ine, n'kukhala pansi pafumbi ndi siketi yake yabwino.

"Agogo, ameneyu ndi penti wamafuta. Sachoka ndi madzi. Amafuna palafini."

"Ndiye kapemphe palafiniyo."

Anazungulira mudzi wonse. Kalekale nyumba iliyonse inali ndi kabotolo ka koloboyi, koma lero aliyense ndi tochi ndi sola. Anabwerako chimanjamanja.

"Basi," anatero, "mawa mungofunda chitenje, manja m'kati. Kukuzizira, palibe adabwe. Anthu a eni asanene kuti kwathu kuli agogo osewera ndi penti."

Loweruka alendo anafika pa njinga yamoto, amalume a mnyamata akuyendetsa, azakhali ake kumbuyo atafungata kathumba ka mpunga. Tinawalowetsa pabalaza, zilembo zili pakhoma, fungo la penti lili guu. Ine ndinakhala pamkeka nditadzikulunga ngati wodwala malungo.

Azakhali aja, mayi wathupi ndi waulemu wake, anayenda chogwada mpaka pamene ndinali, n'kutambasula dzanja.

"Tikupezani, amayi."

"Mutipeza, mutipeza," ndinayankha ndikugwedeza mutu kwambiri, kuti mutuwo ugwire ntchito ya dzanja. Dzanja lawo linakhala m'malere kanthawi, kenaka linabwerera lokha.

Sanataye mtima. Anakoka kathumba kaja n'kukanyamula ndi manja awiri.

"Kampunga aka n'ka m'munda mwa mwana wanu. Anati mukalawitse agogo."

Inu mukudziwa kuti mphatso, ngakhale singano, timalandira ndi manja awiri. Ine ndinaloza ndi chibwano.

"Ikani pomwepo."

Mbuzi kukhola inalira, ndipo tonse tinaimva bwinobwino. Azakhali anabwerera pamalo pawo pang'onopang'ono, n'kutembenukira kwa amalume aja. Sanakweze mawu, komanso sananong'one.

"Achimwene, moni akana, mpunga akana. Ngati mwana wathu sakufunidwa pakhomo pano, atiuze dzuwa likadalipo. Ku Bwanje si pafupi."

Amalume anatola chipewa chawo pabondo. Ndinayang'ana kukhomo la kuchipinda: Tadala waima kuseri kwa nsalu, misozi ili m'mphepete. Pamenepo ndinadzifunsa kuti chachikulu n'chiti, manyazi a nkhalamba kapena banja la mwana? Ndinamasula chitenje n'kutulutsa manja onse awiri, kuwaimika m'mwamba ngati wogwidwa ndi mbuzi yakuba.

"Mayo ine!" anafuula azakhali. "Mwapsa? Kapena nkhuku ya ndiwo zathu mwaizinga ndi zala?"

"Asewere, khululukani. Si kukukanani ayi. Ndimafuna kukulandirani bwino, ndiye ndinazira zilembo izo ngati khonde."

Poyamba anayesa kudzigwira. Kenaka mapewa anayamba kugwedezeka, mpaka mayi uja anagona chammbali pamkeka wanga, akupukuta misozi ndi mpango. Amalume anaika chipewa pansi, n'kupita pakhoma kukayang'anitsitsa.

"Bwerani muone, achemwali. Zala zawo zonse zili apa, chilembo chilichonse. Ena amalandira alendo ndi pakamwa, awa achita kudinda chala ngati polandira makuponi. Mawu amenewa sangawabwezenso."

Anatuluka, n'kukakha petulo pang'ono m'njinga yawo pakasanza. Azakhali ndi amene anandikwecha okha, atandigwira dzanja ngati mwana wobwera kumatope, uku akundifunsa kumene ndimakumba dothi langa lakuda. Mpunga uja ndinaulandira ndi manja awiri, akununkha ngati galaja. Tsiku la chinkhoswe tinalipangana pomwepo.

M'zikhadabo mokha ndi mmene penti anakana kuchoka. Pachinkhoswe amayi a m'mudzi ankagwirana, amvekere agogo ayamba kupaka zikhadabo, mwina nawonso apeza wa ku Bwanje. Zilembo zija Tadala anakana kuzipentanso ndi bulashi yake. Zikadali pakhoma ndi zala zangazo.

Penti anatsala theka, ndipo mwanayo pochoka kupita kubanja anabisa chitini. Akuganiza kuti sindidziwa kuti chili pansi pa nkhokwe. Chitseko chathu chayamba kutuwa, ndipo ndaphunzira: ulendo uno ndivala majumbo m'manja.