Jekete la Malemu Anacleto

A Fructuoso Berzal, okumba manda a ku Valdeorna, ankadziwika ndi chinthu chimodzi: tsiku la chisankho ankavota mpaka mapazi kutupa. Ankayamba kuvota monga iwo eni, kenako n'kubwerera kukanyumba kawo ka kumanda, kuvala jekete la munthu wakufa, n'kukavotanso m'dzina lake. Majeketewo anali mbwee pamisomali, ndipo eni ake onse anali pansi pa nthaka.

Musaganize kuti ankachita mwachipongwe, ayi ndithu. Ankayamba apempha. Chisankho chili mawa, ankayendera manda onse chipewa chili m'manja.

"Bambo Tiburcio, mawa tikufunika kubwalo. Musachedwe ngati ulendo uja."

Akatero ankaima duu, khutu lili pansi, kenako n'kugwedeza mutu. Tinkaseka, koma tinkasekera patali. Akavala jekete la munthu ankayenda ngati mwiniwake, kutsokomola ngati mwiniwake, mpaka agalu a malemuwo ankawalondola akugwedeza michira.

Mavoti amenewa ndi amene anakweza Leandro, mwana wa wogulitsa mankhwala, uja ankachita chibwibwi potumikira Misa. Atamaliza za malamulo analowa chipani chosafuna kuti zinthu zisinthe. Amoyo sankamufuna kwenikweni, koma kumanda anasesa mavoti onse. Anapita ku Madrid ngati phungu, n'kukhala nduna, mpaka kufika pa nduna yaikulu ya dziko.

Amene zinkawawawa kwambiri anali mayi Genoveva. Amuna awo, malemu Anacleto, anali otsimphina mwendo wamanzere, ndipo ali moyo ankalavula akangomva dzina la chipanicho. Tsopano ankachivotera chisankho chilichonse. Mayiwo anatsikira kumanda mkwiyo uli m'khosi.

"Inu a Fructuoso, mulibe manyazi? Bwezani jekete la amuna anga."

"Mayi, anasintha maganizo."

"Liti?"

"Atangogona. Pansi apa palibe wofuna zosintha. Afunseni nokha, si awo ali apowo."

"Mfiti inu."

"Akutinso batani la pakhosi lathothoka, mphepo ikuwalowa."

Mayi Genoveva anatukwana, koma batanilo anasokerera, n'kulisiya jeketelo pamsomali pomwepo. Zoona zake n'zakuti tsiku la chisankho likafika ankakhala pazenera kuyambira m'mamawa. Jekete lija likamadutsa, likutsimphina kumanzere, n'kuima pang'ono pachitsime monga ankachitira amuna awo, mtima unkagunda ngati wa namwali. Ankadana nazo, komabe ankaziyembekezera.

A Fructuoso anamwalira nthawi yokolola mphesa. Leandro sanabwere, anangotumiza nkhata yamaluwa yaikulu kuposa bokosi. Ansembe analamula kuti majekete abwerere kwa abale, ndipo mayi Genoveva analandira lawo.

Chisankho chotsatira bwalo linali zii, agalu atagona pamthunzi. Mayiwo anakhala pazenera mpaka dzuwa kupendeka, osaona wotsimphina aliyense, ndipo anamva chisoni choposa cha tsiku la maliro. Kenako anaganiza zoti akawombole dzina la amuna awo, avote kamodzi kokha monga ankafunira ali moyo. Akazi sankaloledwa kuvota, choncho anavala jeketelo, kukokera chipewa kumaso, n'kuwoloka bwalo akutsimphina.

Kalaliki wa chisankho sanadzutse n'komwe mutu.

"Dzina?"

"Anacleto Sandoval," anatero ndi mawu onenepetsa.

"Mwavota kale, bambo Anacleto. Munabwera m'mawa pamodzi ndi a Fructuoso."

Mayi Genoveva anagwira m'mphepete mwa tebulo. Anaiwala zonenepetsa mawu.

"Anali ovala chiyani? Jeketetu lili ndi ine."

Apo m'pamene kalaliki anawayang'ana, nkhope itachita mbuu.

Ena amati kalalikiyo ankangoponya yekha mapepala m'bokosi, monga ankachitira m'midzi ina yopanda munthu waulemu ngati a Fructuoso. Mwina ndi choncho. Ife timangodziwa kuti kumanda kulibenso wolankhula ndi akufa, udzu wamera pakhomo pa kanyumba kaja, ndipo chisankho chimadutsa ngati tsiku wamba.

Mayi Genoveva sanapite kunyumba tsiku limenelo. Analunjika kumanda, n'kukoloweka jeketelo pamsomali wake wakale.

"Anacleto, votera amene ukumufuna," anatero. "Koma usamayende wopanda jekete, kunja kwayamba kuzizira."