Njinga Yokwera Chitunda, Yokana Masitepe

Inu, munayamba mwagonapo thupi lili pabedi, mutu ukukwera chitunda? Ine zinandichitikira. Amuna anga akuliza mkonono, mwana ali phee, ine maso ali tong'o kudenga, ndikukwera chitunda m'maganizo. Ndipo ngakhale m'maganizomo ndinkafika mochedwa.

Tasunthani pang'ono ndikhale, ndikuuzeni bwinobwino.

Ine ndimasita nsalu pa hotela ina ili pamwamba pa phiri. Kwathu ndi kumunsi. Pakati pa kwathu ndi kuntchito pali chitunda chimene ngakhale galu amakwera akupumira panjira. Basi imachiopa, imazungulira kuseri, ndipo imabwera nthawi imene mtima wake wafuna. Komanso ndisananyamuke ndimayenera kusiya mwana kusukulu yamkaka, kumene geti satsegula msanga. Ndiye kuchedwa kunandizolowera.

Abwana athu timawatcha Mayi Wotchi, chifukwa amayamba ayang'ana pamkono asanakuyankhe moni. Lachisanu lina anandiitanira pambali.

"Iwe, kusita umatha, sindinama ayi. Koma Lolemba ukadzafika makina ochapira atayamba kale kulavula nsalu, simbi yakoyo ndidzapereka kwa wina."

"Ndamva, mayi."

"Kumva umamva tsiku lililonse. Ine ndikufuna uzifika."

Tsono ine sukulu ndinasiyira panjira, koma maso sindinasiyeko. Masiku onse amene ndinkadikira basi, ndinkaonerera anthu operekera katundu akulimbana ndi chitunda chija pa njinga zamagetsi. Ndinaona kuti za matayala oonda zikafika pamene phula linakumbika zimadzandira ngati zaledzera. Zina zimafika pakatikati n'kuyamba kulira ngati udzudzu, mwini wake n'kutsika kuyamba kukankha. Koma panali zina za matayala onenepa ngati ntchafu, zimene zinkangodutsa fyuu, wokwerapo akuimba likhweru. Ndinati basi, yanga ndi imeneyi. Amuna anga ndinali nditawanyengerera kale kwa miyezi, ndipo kangachepe kathu tinali titasunga. Mawu a Mayi Wotchi anangotikankha.

Loweruka m'mawa tinalowa m'sitolo ya njinga ili m'munsi mwa chitunda chija, ine patsogolo ndi chigubu chodzaza madzi, amuna anga pambuyo atanyamula mwana. Mwini sitolo anali bambo wachikulire wa ndevu zaimvi, wolankhula mofatsa.

"Takulandirani, mayi. Chigubucho n'cha chiyani?"

"Ndi mwana wanga, amalume."

Anayang'ana chigubu, n'kuyang'ana mwana, n'kuyang'ananso amuna anga.

"Kulemera kwake n'chimodzimodzi," ndinatero. "Mukufuna njinga ndiiyesere pa mwana weniweni?"

Apa mumvetse kaye chinthu chimodzi. Anthu akadziwa kuti sunapite patali ndi sukulu, amayamba kukulankhula pang'onopang'ono, mokweza, ngati makutu ako unawasiya m'kalasi momwemo. Ine zimenezo zimandiwawa. Ndiye ndili ndi mawu amodzi amene ndimayenda nawo ngati ambulera: "Ndikudziwa." Munthu akangotsegula pakamwa kuti andifotokozere, ine ndimautambasula.

Amalume aja anatulutsa kanjinga kooneka bwino, koonda m'chiuno.

"Aka n'kopepuka, mayi. Kodi mumakhala nyumba yapansi kapena..."

"Za kumene ndimakhala zisiyeni, amalume. Sindinabwere kudzagula nyumba. Ndikufuna yokwera phiri."

Pakona panaima chinjinga chakuda, chachikulu ngati thole la ng'ombe, matayala ake oti ukhoza kukhalira ngati mpando. Mtima wanga unangoti myaa.

"Iyo."

"Imeneyo ndi yamphamvu kuposa zonse muno. Koma mudziwe kuti..."

"Ndikudziwa."

"Mphamvu zake zili m'magawomagawo. Woyamba kumene amayambira pansi, kenako..."

"Ndikudziwa, amalume."

Tinaitulutsa panja, tinamangirira chigubu pa kampando ka mwana kumbuyo, ndinavala chipewa cholimba chija. Pa handulo panali kabatani kowonjezera mphamvu. Ine ndinaganiza kuti popeza ndagula yamphamvu, mphamvuyo ndiione yonse. Ndinakadina mpaka manambala atatha. Kenako ndinaponda kamodzi.

Inu! Ine sindinanyamuke, ndinatengedwa. Njinga inalumpha ngati yalumidwa ndi mavu. Chivindikiro cha chigubu chinathothoka, madzi onse khuthu pamsana panga, kutsetsereka mpaka pa chishalo. Ndinamva amuna anga akukuwa kumbuyo, "Mabuleki, amayi a mwana, mabuleki!" Koma manja anga anali ndi ntchito ina, yogwira moyo wanga. Nditatsegula maso bwinobwino ndinapezeka ndili pakati pa chitunda, ndikupitirira anthu operekera katundu aja mmodzimmodzi, diresi ikudontha ngati ndachita ngozi ya ana.

Mmodzi anandikuwira, "Asisi, mwatayikira!"

"Ndikudziwa!"

Koma tamverani, chitunda ndinachikwera. Chitunda chimene chinkandisowetsa tulo ndinachidutsa osatuluka thukuta. Ndinabwerera, ndinadzazanso chigubu pampopi wa amalume, ndinakweranso. Ndinakwera ndi chigubu chodzaza, ndinakwera ndi chatheka, ndinakwera podutsa dala pamene phula linakumbika. Ine pogula chinthu sindinamizika.

Titagwirizana zonse, amalume anandipatsa makiyi awiri.

"Wamkuluyu ndi wa loko. Kakang'onoka ndi ka..."

"Kapadera, wina akatayika. Ndikudziwa."

Amalume anayang'ana amuna anga. Amuna anga anayang'ana kudenga, chifukwa amandidziwa.

"Nanga kabatani aka kali kunsi kwa handulo..."

"Amalume, mwanayu ali ndi njala."

"Chabwino, mayi. Koma mukaitchaje lero lomwe. Moto mwaumaliza ndi maulendo anuwa."

Kakiyi kakang'ono kaja ndinakapezera ntchito pomwepo. Chikwama cha mwana cha kusukulu chinali chitathothoka chokokera zipi, ndiye ndinakamangirira pamenepo. Ine sinditaya kanthu.

Tinafika kunyumba ndikunyada, anthu akusuzumira m'mawindo. Ndinaimika njinga pakhomo lolowera, ndinayang'ana m'mwamba, ndipo kumwetulira kwanga kunayamba kuuma.

Inu, ife timakhala m'nyumba yosanja, chipinda chapamwamba penipeni. Chikepe mulibe. Soketi ili m'chipinda mwathu. Miyezi yonse ija ndinkayang'anitsitsa chitunda, koma masitepe amene ndimakwera tsiku ndi tsiku sindinawaonepo.

"Ndiye titani?" anafunsa amuna anga.

"Tiikweza. Si njinga basi?"

Ndinabereka mwana kumbuyo. Amuna anga anagwira kutsogolo, ine kumbuyo. Titangoinyamula, amuna anga anatulutsa mawu amene sindinawamvepo chikwatirane.

"Amayi a mwana, mwagula njinga kapena jenereta?"

"Kokani, musalankhule, mukutaya mphamvu."

Nsanja yoyamba tinadutsa tikupemphera. Koma masitepe athu ali ndi pokhota popanikiza, ndipo pokhota pachiwiri ndi pamene aneba athu, mayi wina wamasiye wa pakamwa pakuthwa, amaika miphika yawo ya maluwa. Maluwa amenewo amawalankhula m'mawa uliwonse ngati adzukulu. Pamenepo ndi pamene njinga inakana. Handulo inakakamira kukhoma, tayala lakumbuyo linalowa m'zitsulo zogwirira. Kutsogolo ayi, kumbuyo ayi.

"Kankhani!"

"Ndikukankha! Inu pindani!"

"Ndipinde chiyani, khoma?"

Ndinakankha ndi mphamvu zanga zonse. Tayala lonenepa lija, limene ndinalisankha ndekha mwachikondi, linatera pa mphika wa maluwa ofiira. Phwaa! Chitseko cha aneba chinatseguka nthawi yomweyo, ngati anali ataima kuseri kwake chibadwire.

"Mayo, ana anga! Kodi mukukweza ng'ombe?"

"Pepani, aneba, ndi njinga."

"Njinga imakwera anthu masiku ano? Ife tinkadziwa kuti anthu ndi amene amakwera njinga!"

Anthu anayamba kudzadzana. Okwera anaima kumunsi, otsika anaima kumtunda, aliyense ali ndi nzeru zake. Wina akuti tembenuzani, wina akuti phwetsani matayala, wina akuti ine ndili ndi nkhuku pamoto, ndidutse. Mwana kumbuyo kwanga akuwomba m'manja, akuyesa ndi masewera. Pomaliza amuna anga, ndi manyazi, anati aliyense achoke. Anapuma mozama, anainyamula okha, n'kuizungulitsa m'mwamba. Njinga inadutsa. Koma tonse tinamva kamawu kakang'ono, khwa, kuchokera kumsana kwawo.

Lamulungu lonse amuna anga anagona chagada pansi pabalaza, chifukwa pabedi msana unkakana. Pambali pawo panaima njinga, ikumwa magetsi mwamtendere, itadzaza chipinda moti popita kukhitchini tinkayenda chammbali. Mwana ankaidyetsa buledi. Amuna anga ankangoiyang'ana ngati mkazi wachiwiri amene sanamufune.

"Ndiye mawa itsika bwanji?" anafunsa chamadzulo.

Funso limenelo ndinagona nalo. Chitunda chinachoka m'mutu, munalowa masitepe.

Lolemba kusanache bwino ndinakagogoda kwa aneba, mutu uli pansi.

"Aneba, mwadzuka bwanji? Ndikufuna chithandizo."

Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Ndikuthandizani. Koma musayese ndi chikondi. Ndikuteteza maluwa anga otsalawa."

Mayi uja ali ndi mphamvu, inu. Anamanga nsalu m'chiuno, anagwira kumbuyo, ndipo sitepe iliyonse ankaitsika ndi chitonzo chake. "Anzanu amagula firiji, inu mukugula mavuto a matayala." Tinafika pansi. Ndinamangirira mwana pa kampando kake, nthawi ino mphamvu ndinayambira pansi, chifukwa madzi a pamsana anandiphunzitsa. Ndinamusiya kusukulu ndi chikwama chake geti likungotsegulidwa, kenako ndinalunjika chitunda.

Basi ndinaiona kumunsi ikadali kutolera anthu. Ndinaibayibitsa.

Mayi Wotchi anandipeza simbi itatentha kale, makina asanayambe n'komwe. Anayang'ana pamkono. Anagwedeza wotchi, n'kuiika kukhutu.

"Iwe, wagona konkuno?"

"Ayi, mayi. Ndangokonza kayendedwe."

Ntchito inapulumuka. Ndinasita m'mawa wonse ndikuimba, mapewa ali m'mwamba. Za madzulo, zoti chinjinga chija chiyenera kukweranso masitepe popanda msana wa amuna anga, ndinkazikankhira kutali.

Masana ndinatuluka kukapuma kuseri, kumene timaimika njinga. Panafika bambo wina wobweretsa sopo, pa njinga yofanana ndendende ndi yanga. Ine monga mwa chizolowezi ndinamuyang'anitsitsa. Anatsika. Anatulutsa kakiyi kakang'ono. Anakalowetsa pambali pa batire, n'kupotokola. Batire inatuluka yokha, tswee. Anaikwapatira m'khwapa ngati buledi, n'kulowa nayo mkati kukapempha soketi, akuimba likhweru.

Ndinakhala pansi pomwepo, pa simenti.

Ndinayang'ana njinga yanga. Kabowo kakiyi kanali pompo, pambali pa batire, kakundiyang'ana. Kakiyi kake kanali kusukulu yamkaka, kakulendewera pa zipi.

Madzulo ndinatenga mwana, ndinamasula kakiyi, ndinamangirira njinga pa chitsulo kunsi kwa masitepe. Ndinakwera pang'onopang'ono, mwana dzanja ili, batire m'khwapa. Aneba anali pokhota paja akuthirira maluwa, atamanga kale nsalu m'chiuno kudikira nkhondo. Anayang'ana m'khwapa mwanga.

"Ng'ombe ija mwaisiya kuti?"

"Pansi. Ndangotenga mtima wake."

Anangotsatira kumbuyo kwanga kuti akaone nkhope ya amuna anga.

Ndinawapeza ali chigonere pansi paja. Anatembenuza mutu movutikira.

"Ndaitana alamu anu kuti adzathandize kukweza. Njinga ili kuti?"

Ndinaika batire pa tebulo, ndinailumikiza ku soketi. Kanyali kofiira kanayaka. Amuna anga anayang'ana batire nthawi yaitali, kenako anayang'ana ine.

"Imachoka?"

"Imachoka."

"Inayamba liti kuchoka?"

"Zikuoneka kuti chibadwire."

"Ndi kakiyi kapadera kaja?"

Pakhomo aneba anali atagwira m'mimba, misozi ikutsika. Ine ndinathawira kukhitchini kukatenthetsa madzi othowa msana, ndipo ndinawathowa mofatsa kuposa masiku onse.

M'mawa mwake ndinanyamuka molawirira, popeza nthawi tsopano ndinali nayo. Nditasiya mwana ndinadzera kusitolo. Amalume anali akutsegula kumene. Ndinavula chipewa, ndinaima mwaulemu ngati mwana wa sukulu.

"Amalume, mwadzuka bwanji? Ndabwera kudzakuuzani kuti sindikudziwa. Yambirani poyambirira, ndipo mukhoza kulankhula pang'onopang'ono."

Sanaseke, mdala wabwino uja. Anangoloza kabatani kaja ka kunsi kwa handulo.

"Aka mukakagwira osakasiya, njinga imayenda yokha pang'onopang'ono, inu mukungoiwongolera muli pansi. Anthu amakagwiritsa ntchito pokankha pachitunda. Ngakhale pa masitepe kamathandiza, simuchita kuinyamula."

Ndinayang'ana kumanja, ndinayang'ana kumanzere, n'kuwayandikira.

"Amalume, amuna anga akadzachira n'kudzera kuno, za kabatani aka musadzawauze."