Perete wa a Sajeni Anesi

Funsani aliyense wa ku Kaluluma kuno, akuuzani kuti a Anesi anali azamba osalandira nkhuku. Ufa ankabweza, sopo ankabweza. Malipiro awo linali dzina. Ana ambiri ankangowasambitsa n'kuwapereka kwa amayi awo mwaulemu, koma tsiku lina ukamva akuti, "Eee, tadikirani kaye," uku akutembenuza khanda ngati akusankha fodya wa giledi, umadziwiratu kuti dzina lomwe munakonza ndi amuna anu lapita. Mwanayo ankalandira dzina la mmodzi mwa anyamata amene anakwera lole limodzi ndi bambo a a Anesi kupita kunkhondo ya ku Bama, osabwerako.

Ine amene ndikukamba pano ndine mayi wa ana anayi, ndimavala chitenje ndipo ndimaimba kwaya ya amayi, koma dzina langa ndine Koneliyasi. Sekani, ndinazolowera. Makolo anga anali matenanti ochokera ku Ntcheu, ndipo anali asanathe chaka pa esiteti pamene ndinabadwa. Amayi ankati tsiku limenelo bambo anga anatsala pang'ono kulira.

"Koma azamba, mwanayutu ndi wamkazi," anatero bambo ali panja pa chitseko.

"Mukuwuza ine? Wamutulutsa ndani?"

"Ifetu tinakonza loti Goodness."

"Limenelo mukatche mbuzi. Tamverani kulirako! Koneliyasi ndiye ankaliza lipenga, ndipo wabwera ndi lipenga lake lomwe."

Nkhani inathera pomwepo. Kusukulu aphunzitsi ankandifunafuna kumzere wa anyamata, ndipo bambo a ana angawa atapita kukauza amalume awo kuti apeza mbeta dzina lake Koneliyasi, amalumewo anapempha madzi akumwa.

A Anesi anali kamunthu kakafupi, kouma ngati phesi, koma mawu ake ankamveka mpaka kudambo. Ankavala jombo zakuda ndi chikhoti chachisilikali ngakhale m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. M'khosi munkalendewera wezulo wachitsulo. Lole iliyonse yodutsa pamsewu, kaya yanyamula mabelo a fodya kaya feteleza, ankaimira njo n'kuimenyera sawasha mpaka fumbi litatha. Madalaivala anazolowera, akafika pamphambano yathu ankaimba hutala. N'chifukwa chake tonse tinkangowatchula kuti a Sajeni, ngakhale mfuti sanaigwirepo.

Bambo awo, Kopolo Samsoni, sanawaonepo. Anapita ku Keyala, gulu la asilikali la nthawi ya atsamunda, a Anesi ali m'mimba. Mwa onse a dera lino amene anakwera lole imene ija, anabwerako ndi mmodzi yekha, a Lusiyasi, khutu limodzi litagontha. Iwowo ndiwo anabweretsa wezulo uja, ndipo ndiwo ankakhazika kamtsikanako pansi pa chigafa n'kumakauza mayina a anzawo asanu ndi atatu, mmodzimmodzi, ndi momwe aliyense anathera. Akuti atadwala matenda omaliza anakagwira dzanja n'kunena kuti, "Anzanga aja kuno alibe manda. Ine ndikangotseka maso, afa kachiwiri." A Sajeni ankati mawu amenewo ndiwo anawalemba usilikali.

"Manda alibe," ankatero, "ndiye ndiwaika mwa amoyo."

Dzina lomwe linawasautsa kwambiri linali la Sufiyan, telala wachiyawo amene ankasokera pakhonde la sitolo nkhondo isanamutenge. Zaka zinapita, ife tinakula, koma Sufiyan analibe pofikira. Amayi ena achifundo anapereka mwana wawo, a Sajeni anakana.

"Inu mumaweta nkhumba. Munthu wafera kutali, ndiye abwere kuno mudzamudyetse nkhumba? Ayi."

Kenako a Khamisi anabwera kudzatsegula golosale pa tiredingi, akazi awo a Zubeida ali oyembekezera. Abale inu! A Sajeni anasamukira pakhonde la golosaleyo. Sankagula kanthu, ankangokhala pa benchi, maso ali pamimba ya mwini wake. A Khamisi anapirira mpaka anatopa.

"Amayi, kodi tikuthandizeni chiyani?"

"Palibe. Ndikudikira mlendo wanga."

Atamva chimene ankafuna, a Khamisi anakana mwaulemu. Anati kwawo dzina limaperekedwa ndi eni ake a mwana, a shehe alipo, ndipo iwo anasankha kale loti Kassim. A Sajeni sanatsutse. Anangoyamba kufotokoza, ife amene tinabwera kudzagula mchere tikumva. Anati gulu lija linafika pamtsinje wosefukira, adani ali m'mbuyo, ndipo panalibe wodziwa kusambira koma Sufiyan, mwana wa kumadzi. Anamanga chingwe m'chiuno, anawoloka, anakachikulunga pamtengo, anzake onse anawolokera pa chingwe chimenecho. Pobwerera kukatenga wovulala amene anatsala, madzi anamutenga.

A Khamisi anaika sikelo pansi.

"Munthu ameneyo anamuswalira ndani?" anafunsa.

"Palibe. Nsomba za ku Bama mwina."

Lachisanu lotsatira, kumzikiti anapempherera telala amene anafa a Khamisi asanabadwe. Mwana atabadwa anakhala wamwamuna, ndipo a shehe okha ndiwo analengeza dzina loti Sufiyan. A Sajeni anaguba kuchokera pa tiredingi mpaka kwawo, okhaokha, akudziwerengera okha mapazi.

Koma chimene sindidzaiwala ndi perete. Chaka chilichonse mu Novembala, Lolemba lotsatira tsiku lokumbukira asilikali, dzuwa likamayandikira pamutu, wezulo ankalira pabwalo la zigafa. Inu mukudziwa kuti imeneyo ndi nthawi yowokera fodya, pamene ngakhale wodwala amadzuka. Mvula ikagwa usiku, m'mawa aliyense amakhala ali chiweramire ndi mbande m'manja. Koma wezulo akangolira, ife a mayina tinkataya mbande pamzere n'kuthamanga, ndipo makolo athu ankatitsatira. Chaka choyamba cha ukapitawo wawo pa esiteti, a Tawonga Nyirenda anabwera akuthamanga, ndodo ili m'mwamba.

"Mama, vula yikulindilira munthu yayi! Mbande zikufota uko!"

"Iwe mnyamata, chotsa chipewa."

"Ine ndine kapitawo pano!"

"Kapitawo ndi udindo wanji? Uli pansi pa kopolo kapena pamwamba? Chotsa chipewa, ima apo."

Anachotsa. Anaima. Ndipo anamva zimene tonse tinkamva chaka ndi chaka. A Sajeni ankaitana dzina, mwini dzina n'kutuluka pamzere n'kuyankha ngati ndi iye msilikaliyo, chifukwa ndi mmene anatiphunzitsira.

"Koneliyasi!"

"Ndilipo! Ndinafa ndi malungo m'nkhalango, lipenga lili m'manja."

"Sufiyan!"

"Ndilipo! Ndinawolotsa anzanga, madzi ananditenga."

Pomwe ankayamba kuyankha, Sufiyan anali kamwana ka mamina, kabudula wake wogwira ndi dzanja. Koma kumva kamwana kotero kakunena kuti madzi ananditenga, thupi lonse linkachita tsembwe. Kuseka konse kunkatha. Zinkakhala ngati anyamata aja atsikadi m'lole, ali pakati pathu, matope a Kasungu ali kumapazi. A Tawonga sanadzavutenso. Zaka zotsatira ndiwo ankayamba kufika, chipewa chili kale m'manja.

Mayina onse akatha, a Sajeni ankatembenukira kumsewu, n'kukweza mawu kuposa poyamba.

"Kopolo Samsoni!"

Zii. Palibe ankayankha, pakuti dzina limenelo linali lisanapatsidwe kwa munthu. Tonse tinkaima chilili, maso kumsewu, ngakhale makanda ankakhala ngati akudziwa. Ikadutsa nthawi, a Sajeni ankatsitsa dzanja n'kunena kuti, "Achedwa. Balalikani."

Musaganize kuti anthu sanayesere. Mabanja ankachita kupikisana kupereka ana awo aamuna, pakuti dzina la kopolo linali la ulemu. A Sajeni ankamuyang'ana mwanayo n'kupukusa mutu. Uyu makutu ndi ang'ono, sangamve lamulo. Uyu akulira ngati mbuzi. Uyu miyendo ndi ya kalaliki. Wina anamukana chifukwa anayetsemula iwo akulankhula. Tinkaseka, n'kumati nkhalambayi ikufuna mwana wobadwa ndi jombo.

Chifukwa chenicheni anandiuza ine ndili kale ndi ana, tsiku lina tikusoka fodya m'chigafa. Anati a Lusiyasi anaona imfa ya ena onse, koma ya bambo awo ayi. Kopolo anawerenga anthu ake pamalo ena, anapeza kuti mmodzi palibe, anapatsa a Lusiyasi wezulo kuti asunge, n'kubwerera m'nkhalango kukamufuna. Sanaonekenso.

"Anaona mtembo wawo ndani?" anandifunsa. "Dzina la munthu wamoyo sitigawa, Kone. Akabwera adzalifuna."

M'pamene ndinamvetsa za malole aja, ndipo kuyambira tsiku limenelo sindinasekenso sawasha yawo. Koma mtima unayamba kundiwawa. A Sajeni analibe mwana wa m'mimba mwawo, analibe mlongo. Munthu amene anapezera anzake onse a bambo awo pokhala akanapita ndi dzina la bambo awo kumanda. Aliyense ankadziwa kuti ngakhale kopoloyo akanapulumuka, ukalamba ukanamutenga kalekale, koma ndani akanayerekeza kunena zimenezo pamaso pa jombo zija?

Boma litaletsa azamba kuchiritsa amayi kumudzi, tinkati basi apuma. Apume a Sajeni? Ankakwera nawo ngolo mpaka kuchipatala, n'kukaima pakhomo la chikuta, namwino aliyense wodutsa akulandira sawasha. Anasiya pamene miyendo inakana.

Chaka chathachi, fodya ali pa nazale, anagona osadzukanso. Mwana wanga Evelyn anali atangotuluka kumene kuchipatala ndi mwana wamwamuna, ndipo masana ena uthenga unabwera woti a Sajeni akufuna kuona mlendo. Tinawapeza ali pamphasa, chikhoti chija atafunda, atachepa ngati mwana. Anapempha kuti tiwakhazike tsonga. Evelyn anawaika khandalo pamiyendo, iwo n'kuyamba kulitembenuza.

"Makutu ndi ang'ono," anatero.

"Eya, agogo," anayankha Evelyn.

"Miyendonso ndi ya kalaliki."

Khandalo linayamba kulira, ndipo kunena zoona linkalira ngati mbuzi. Ine ndinatambasula manja kuti ndilitenge, koma a Sajeni analigwiritsa.

"Kone, anthu ake onse ndinawapezera malo?"

"Onse, a Sajeni."

"Palibe watsala m'nkhalango?"

"Palibe."

"Ndiye wasiya kufunafuna. Kopolo sabwera anthu ake asanakwane." Anaweramira khandalo, mawu atatsika mpaka tinachita kusendera. "Tsikani, bambo. Mwafika. Ndine Anesi, munandisiya m'mimba."

Anakweza dzanja mpaka pachipumi, n'kumenyera sawasha kamunthu ka masiku ochepa. Ine ndinalira mokweza ngati pamaliro, osachita manyazi. Iwo anandidzudzula kuti woliza lipenga salira, kenako anavula wezulo n'kundiveka m'khosi. Anamwalira mvula yoyamba isanagwe.

Kaluluma wopanda a Sajeni ndi wozizira, abale. Ana akubadwa, akutchedwa mayina a pa wailesi, palibe wowatembenuza. Benchi ya pa golosale ya a Khamisi ilipo, koma anthu amaidutsa n'kukakhala pa njerwa. Madalaivala akale akafika pamphambano amaimbabe hutala, kenako amachepetsa liwiro n'kusuzumira pawindo.

Novembala atakwana ndinaopa kuti sikubwera munthu. Ndinaliza wezulo, ndipo anthu anataya mbande. Sufiyan anachoka ku Lilongwe komwe amayendetsa minibasi. Mnzathu wina amene ali ku Joni anayankha pa foni, mng'ono wake ataikweza m'mwamba, ndipo tonse tinamva akuti ndilipo. A Tawonga, amene tsopano amayenda ndi ndodo ya ukalamba, anaima kumapeto. Langa ndinadziitana ndekha n'kudziyankha ndekha. Kenako ndinatembenukira kumsewu monga ankachitira eni ake.

"Kopolo Samsoni!"

"Alipo!" anakuwa Evelyn kumbuyo kwanga. "Akuyamwa!"

Bwalo lonse linafa ndi phwete. A Khamisi anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mkono wa mkanjo. Kwa nthawi yoyamba chiyambire perete, mayina onse anayankhidwa. Koma kuseka kutatha palibe anasuntha. Anthu ankangoyang'anana, ngati pali chimene chatsala, pakuti tinazolowera kuti perete amatha ndi kudikira.

"Mama Kone," anatero a Tawonga chapansipansi, "mwasiya limodzi."

Ndinaitana ndi mawu onse amene Koneliyasi anandisiyira.

"Sajeni Anesi!"

Zii. Tonse maso kumsewu. Mbande zinkafota m'mizere, mitambo ikusonkhana cha ku Chisemphere, koma panalibe wotsokomola. Patali panatulukira lole ya feteleza, inafika pamphambano, inaimba hutala, inachepetsa liwiro, kenako inapitirira.

"Achedwa," ndinatero. "Balalikani."

Palibe anabalalika.