Makoswe Atatu Pamwamba pa Ng'oma Zanga

Pulani yonse inabadwira pa bala ya kuseri kwa malo okwerera basi, Lamlungu masana, pa tebulo la mwendo umodzi waufupi. Ine kunalibeko. Ndikudziwa zonse chifukwa eni ake anadzazifotokoza okha kupolisi, aliyense akukankhira mnzake, ine ndili pabenchi ngati mboni.

Anali atatu. Woyamba ndi Tcheya, munthu amene sanakhalepo wapampando wa chilichonse, koma ankavala jekete ngakhale dzuwa likuswa mtengo. Wachiwiri ndi Saundi, yemwe ananyamulako masipika pa maukwati awiri kapena atatu, ndiye kuyambira pamenepo ankadzitcha katswiri. Wachitatu ndi Thumba, chimunthu cha mapewa aakulu ndi mutu wopanda kanthu. Thumbayu ndiye anali ndi chotaya. Mkazi wake, telala wolimbikira, anali atamupezera ntchito yosesa ndi kunyamula katundu ku situdiyo yojambulira nyimbo ya mkulu wa mkaziyo, ndipo anamuuza maso ndi maso kuti uwu unali mwayi wotsiriza. Akadzangomvanso mbiri ina, banja latha.

"Tanenanso, mani," anatero Tcheya akupukuta thovu pamlomo. "Alamu akowo amati chani za timaikito?"

"Amati ndisamatiyandikire n'komwe," anayankha Thumba. "Kusesa pafupi, ayi. Kuyatsa fani, ayi. Tsiku lina ndinayetsemula, anandiyang'ana ngati ndapha munthu. Akuti tiwiri tokhato mtengo wake umaposa wa galimoto yawo."

Saundi anamenya tebulo, mabotolo n'kugwedezeka. "Aise, dilu ndi imeneyo! Maiki ine ndimawadziwa ngati m'thumba mwangamu."

Vuto linali loti mwini situdiyo, amene tonse timamutcha Mayi Khutu, akaweruka amatsekera maikolofoni amenewo m'kabokosi n'kupita nawo kunyumba. Nthawi yokha imene amatsala okha ndi ya nkhomaliro. Akawakonza m'mawa sawasunthanso mpaka madzulo, amangokhoma chitseko n'kupita kukadya.

"Chitseko ndi cha anthu osaphunzira," anatero Tcheya. "Ife tilowera kumwamba. Thumba, si paja unati siling'i ili ndi kachitseko?"

"Kali pamwamba penipeni pa ng'oma. Polowera pake ndi ku sitolo ya matsache, kachipinda kaja ndimasungiramo zosesera."

"Basi. Tikwera m'mawa asanafike, tidikira m'dengamo, ikakwana thwelofu titsika, tithyola, tikwera, tapita."

Thumba anakanda mutu. "Nanga maikiwo akatimva? Amakhala pansi pathu pomwepo."

Saundi anaseka mpaka kutsamwa. "Mani, sukulu unathawa molawirira. Maiki amamva kumene aloza basi. Amenewo aloza pansi, ku ng'oma za mdala uja. Ife tikhala kumsana kwake. Olo tiyimbe nyimbo, palibe chingamveke."

Anaitanitsa mabotolo ena atatu kukondwerera nzeru imeneyo.

Mdala wa ng'omayo ndine. Ndaimba ng'oma zaka makumi atatu ndi zisanu, ndipo ndimadziwa kanthu kamodzi kamene Saundi akanamva akanafunsa. Maikolofoni a Mayi Khutu si a paukwati. Amatchedwa a liboni chifukwa mkati mwake muli kachitsulo kopyapyala kwambiri, kolendewera pakati pa maginito. Mayiyu amawapachika awiri pamwamba pa ng'oma, wina kumanzere wina kumanja, atayeza ndi chingwe kuti onse atalikirane mofanana ndi ng'oma yaing'ono ya pakati pa miyendo yanga. Amawakonda chifukwa mbale zanga zamkuwa, zimene pa maikolofoni ena zimalira ngati malata akung'ambika, pa amenewa zimamveka zofewa. Koma kachitsulo kaja kali poyera mbali zonse ziwiri. Kamamva kutsogolo, kamamvanso kumbuyo mofanana ndendende. Mukalozetsa nkhope yake pansi, msana wake umamvetsera kudenga.

Lachiwiri m'mawa anakwera. Ife tinafika naini koloko, Mayi Khutu akudandaula kuti Thumba sanasese. Tinali kujambula nyimbo yodekha ya gulu lina la kwaya, ndiye ndinasiya ndodo n'kutenga timabulashi, tija timangonong'ona pachikopa. Poti timabulashi n'tofatsa, mayiyu anakweza maikolofoni onse awiri mpaka pamwamba.

Ndili mkati moimba, ndinaona Mayi Khutu kuseri kwa galasi la chipinda chawo cha makina akukweza dzanja. Kenako mawu ake anabwera m'mahedifoni mwanga.

"Mdala, musayankhe, musayang'ane kumwamba. Pitirizani kuimba. Tamverani izi."

Anatsegula njira ya maikolofoni awiri aja, ndipo m'makutu mwanga munalowa mawu oyera ngati a pawailesi.

"Chotsa chigongono, aise, ukundiponda jekete."

"Inu a Tcheya, jekete m'denga?"

"Mtsogoleri amaoneka ndi zovala. Nthawi ili bwanji?"

"Hafu pasiti naini."

Ndinatsala pang'ono kugwetsa bulashi. Mayi Khutu anali atagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka. Makina ojambulira anali akuyendabe, ndipo sanawaimitse.

"Tikangotsika," anatero mawu a Saundi, "ndiwauzira kawiri, fuu, fuu, wanu thu, wanu thu. Ndidziwa ngati ali enieni."

Apa kuseka kwa mayiyu kunatha. Maikolofoni a liboni mukawauzira mpweya, kachitsulo kaja kamatambasuka kapena kuduka, basi mwapha. Awiriwo anawasiya bambo ake, amene anamanga situdiyoyo. Nkhope yake inauma, ndipo anatola foni.

Kenako Tcheya anafunsa funso limene linadzamaliza Thumba.

"Nanga madamu ako, mani? Akamva kuti kwa mkulu wawo kwabedwa, sakukayikira?"

"Ameneyo?" anatero Thumba, ndipo anaseka. "Musadandaule. Ameneyo ndikangolira pang'ono, basi wasungunuka. Misozi ine ndimaitulutsa ngati pampopi. Mukukumbuka makina ake osokera aja anasowa chaka chatha? Ndinagulitsa ndine. Ndinamuuza kuti ndinaona achimwene ake akutuluka nawo. Mpaka lero sayankhulana, ngakhale pamsewu amapatukirana."

"Ndiwe dolo," anatero Saundi.

Ine mchimwene wawoyo ndimamudziwa, ndi makaniki wofatsa. Analumbira mpaka kugwada kuti sanatenge kanthu, mlongo wake n'kumutsekera chitseko pamaso. Banja lonse linagawanika pa nkhaniyo, ndipo Mayi Khutu anakhala chaka chathunthu akuyesa kuwagwirizanitsa osatheka.

Anayimba mafoni awiri, ina kwa mng'ono wake, ina kupolisi. Apolisi anati galimoto yapita kwina, afika cha m'ma thu koloko. Pamenepo anandiyang'ana kudzera pagalasi.

"Mdala, muli ndi mphamvu lero?"

Ndinagwedeza mutu kuvomera.

"Siyani timabulashito. Tengani ndodo zazikulu zija. Lero nkhomaliro kulibe."

Ndinayamba. Ndinamenya mbale zamkuwa ngati zandilakwira. Mayi Khutu analowa mwakachetechete, anaveka maikolofoni amodzi kathumba kake, anawatsitsa n'kuwatsekera m'bokosi. Enawo anawasunthira pakona, kutali ndi kachitseko, koma msana wake ukuyang'anabe kudenga, kuti tisaphonye nkhani.

Dziwani kuti denga la situdiyoyo ndi lamalata, ndipo pakati pa malata ndi siling'i munthu sangaimirire. Ikakwana leveni koloko mumatentha moti ngakhale abuluzi amasamuka. Ine pansi ndinali ndi botolo la madzi ozizira. Ndikapuma pang'ono kuti ndimwe, timamva za kumwamba.

"Thwelofu yakwana, akulu. Bwanji sakupita kukadya?"

"Dikira. Mdalayu ndi wokalamba, atopa posachedwa."

Wokalamba ndi agogo ake. Ndinaimba nyimbo zonse zimene ndimadziwa, za kutchalitchi, za m'mabala, za paperete. Zitatha ndinayambiranso.

Cha m'ma wanu koloko telala anafika, tepi yoyezera ili m'khosi, ulusi uli pa siketi. Mkulu wake sananene zambiri. Anamukhazika pampando, anamuveka mahedifoni, n'kubweza chojambula chija. Ndinkamuona pagalasi. Sanalire, sanakuwe. Anangokweza chala kuti abwezenso. Anamvera katatu, kenako anavula mahedifoni n'kuwaika patebulo mosamala. Ndinamumvera chisoni kwambiri mwana uja, ndipo ukali wake ndinautsitsira pa ng'oma.

Kumwamba bungwe linali litayamba kupasuka.

"Ndikufa ludzu, a Tcheya."

"Meza malovu."

"Malovu anatha kalekale. Tiyeni tibwerere ku sitolo ya matsache."

Panamveka kukwawa, kenako kugogoda, kenako kutukwana. Polowera paja Mayi Khutu anali atakhomapo loko.

"Thumba, watigulitsa!"

"Ine? Pulani ndi yanu! Saundi ndi amene anati maiki samva kumsana!"

"Samvadi! Chavuta ndi fungo la jekete ya a Tcheya, ndi limene latiulula!"

"Ukunena jekete ya ndani, galu iwe?"

Akuluakulu anati khoswe wa padenga anaulula wa padzala, koma awa anali onse a padenga, ndipo anaululana maina, kumene amakhala, ngakhale za mbuzi ina imene inasowa ife tisakudziwa. Zonse zinalowa m'makina, bwinobwino, popanda phokoso. Kunena zoona, maikolofoni aja sanajambulepo mawu okoma chotero.

Apolisi awiri anafika mochedwa monga mwa nthawi zonse, koma anafika pa nthawi yabwino. Atangolowa m'chipinda changa, kumwamba kunayamba ndewu. Siling'i ya situdiyo anaipangira kumeza mawu, osati kunyamula amuna atatu akumenyana. Choyamba chinatuluka ndi mwendo wa Tcheya, nsapato yosongoka ikupalasa m'malere. Ndinangotha kukoka ng'oma yanga yaing'ono n'kuthawira pakona. Kenako bolodi lonse linatsika, ndi fumbi, ndi ndowe za mileme, ndi anthu ake.

Tcheya anagwera pa mpando wanga n'kuuthyola. Saundi anagwa ndi mbale yanga yamkuwa, ija ndinakhala nayo zaka khumi ndi ziwiri, n'kuipinda pakati. Sindinamukhululukirebe. Thumba anabwera pomaliza, pamwamba pa anzake onse, monga mwa kulemera kwake.

Tcheya anadzuka, anakutumula jekete, n'kuyang'ana apolisi.

"Zikomo mabwana. Ife ndi amisiri, tinabwera kudzaona pamene pakudontha."

"Mvula inagwa liti?" anafunsa wapolisi wamkulu.

Tcheya anayang'ana Saundi. Saundi anali akuyang'ana pakona, pamene panaima maikolofoni aja.

"Mayi," anatero ndi mawu osasa, "ndingofunsa ngati katswiri mnzanu. Amenewo aloza pansi, si choncho?"

"Aloza pansi," anayankha Mayi Khutu. "Kumwamba amamvanso. Ukanafunsa ndikanakuuza ulele. Ndipo usawayandikire ndi mpweya wakowo."

Nthawi imeneyo Thumba anaona mkazi wake ataima pakhomo. Ndinaona ndi maso anga mmene amachitira. Anatsinzina, anakwinya chibwano, mlomo wam'munsi unayamba kunjenjemera, ndipo misozi inatsika yeniyeni, ikusiya mizere pa fumbi la kumaso. Anagwada n'kuyenda ndi maondo.

"Amayi, Satana. Ndi Satana ameneyu. Anzangawa anandikakamiza. Ndimafuna ndikugulireni makina ena osokera, poti aja anatenga achimwene anu aja. Mtima wanga umawawa ndikamakuonani mukubwereka makina a eni."

Ngakhale Tcheya anatseka maso.

Telala anamuyang'ana nthawi yaitali, ngati akuyeza nsalu imene yafupika. Kenako anatembenukira kwa mkulu wake.

"Achemwali, ndibwerekeni foni. Nambala ya achimwene ndinaifufuta mu yanga."

Mayi Khutu anamupatsa itayamba kale kuitana. Tonse tinamva ikulira kawiri, katatu. Mbali inayo munthu anayankha, phokoso la masipanala likumveka kumbuyo.

"Achimwene," anatero telala. "Ndine. Musadule, chonde. Muli kugalaja? Ndikubwera pompano. Ndikubwera kudzagwada."

Anavula mphete, anaiika pa chikopa cha ng'oma yanga, n'kudutsa pafupi ndi mwamuna wake osamuyang'ana. Mkulu wake anamutsatira ndi makiyi a galimoto.

Thumba anapitiriza kulira. Mwina mpopi ukatseguka umachedwa kutsekeka, mwina tsopano ankalira zenizeni, ine sindikudziwa ndipo sindinafunse. Analira chogwada, akuyang'ana chitseko chopanda munthu, mpaka wapolisi wamkulu anamugwira paphewa n'kutulutsa unyolo.

"Basi, akulu, tsekani," anatero. "Amene mumawalirirawo apita."