Tsiku Limene Mwendo wa a Goodson Unakana Kutsika

Inu, tamverani za a Goodson, kapitawo wa othyola tiyi pa esiteti ina kuseri kwa Luchenza. Munthuyu atangopita ku maphunziro a fesiteidi, chithandizo choyamba chija, a masiku awiri, awiri okha, anabwerako atasintha ndi kayendedwe komwe. Anaika m'foni kapulogalamu kophunzitsa minofu ya m'thupi: iwe ukupinda thupi monga achitira a yoga, iko kakukuona pa kamera, n'kufiiritsa mnofu umene ukukokeka, kwinaku mawu a mzimayi akukuyamikira m'Chingerezi. Basitu, wothyola tiyi akati, "Akapitawo, msana," iwo amvekere, "Si msana umenewo mayi, ndi latisimasi." Mankhwala osapereka.

Koma kunyumba ukulu umenewu kunalibe. A Goodson anali pachikamwini, ndipo nkhani yoseka mopitiriza ndi azimayi a kumunda inali itafika kawiri kwa ankhoswe. Apongozi awo, amake a mkazi wawo Teleza, anali atanenetsa kuti kachitatu mkamwini anyamula bulangete lake. Ndiye mawu a mkazi amveke m'nyumba ya Teleza? Ayi ndithu. Choncho Loweruka masana ataweruka a Goodson analowa m'kanjira ka pakati pa tiyi, navula shati, natsamiritsa foni patsinde.

Matama, abale! Analumpha maphunziro a ongoyamba, nasankha a akatswiri. Anakhala pansi, nanyamula mwendo wamanja, naukoloweka kuseri kwa khosi. Unalowa bwinobwino. Kutuluka ndiye unakana. Poyesa kuukankha anagwa chagada ngati kamba, phazi linalo n'kumenya foni, foni n'kugwera mkati mwa tiyi.

Ndiye taonani amene akubwera ndi mtolo wa nkhuni pamutu: apongozi!

Mwambo wathu mukuudziwa. Mkamwini ndi apongozi sayang'anana, sagwirana, ndipo akakumana panjira wina amapatuka kuti mnzake adutse. Amake a Teleza anangoona kabudula n'kumuzindikira, poti amamuona pachingwe. Anatula nkhuni, nanjuta m'mbali, nkhope atalozetsa kwina, kudikira kuti bambo adutse. Bambo adutsa bwanji?

"Wawa," anatero a Goodson, mawu akutulukira kunsi kwa bondo.

"Wawa. Adutsetu bambowo," anayankha apongozi, akuuza tiyi.

"Ayambe ndi amayi kudutsa."

"Ine ndilumphe mkamwini? Ndidikira."

Pomwepo m'tiyi munamveka mawu otsekemera: "Beautiful! Hold it."

Amake a Teleza Chingerezi sachidziwa, koma mawu a mkazi wokondwa amawadziwa.

"Atuluke mayiyo," anauza tiyi mofatsa, kufatsa koopsa kuja. "Atuluke timuone."

"Ndi foni, amayi!"

"Foni imayamba kaye yalira. Ine sindinamve kulira."

"Excellent!" anatero mayi wa m'tiyi.

Apa a Goodson anachita mantha enieni, mpaka anaiwala kuwawa kwa ntchafu. Anaona bulangete, anaona minibasi, anaona alongo awo kwawo ku Nsabwe akuwafunsa kuti zaka zonsezi abwerako ndi chiyani. Anakuwa, "Telezaaa!" Apongozi nawo, "Telezaaa!" Chikwatirire, aka kanali koyamba kuti awiriwa agwirizane chimodzi.

Teleza anafika wefuwefu, mpini wa khasu uli m'manja. Anayang'ana mwamuna wake wopindidwa ngati mpando wa pa msonkhano, anamva za mayi ake, nalowa m'tiyi kukasaka mkazi mnzake. Anafufuza mizere itatu. Anatuluka ndi foni, akuiyang'anitsitsa. Pagalasi panali chithunzi cha mayi ake ali chinjutire, ntchafu zitafiira psuu, pamwamba nyenyezi zisanu. Kani chigwereni kamera inaloza kwa iwo!

"Amayi, mkaziyu akuyamikira inu. Akuti mwanjuta bwino, mphindi makumi awiri osagwedezeka."

"Ine?" Mayiwo anakonza mpango. "Nanga bambowa akuti bwanji?"

"Awa sakuwawerengera n'komwe."

Teleza anagwira mwendo uja n'kuukoka kamodzi, a Goodson n'kulira mokweza mpaka agalu a kumalaini, kunyumba za antchito, anayankha. Kunyumba bambowo anapita pa wilibala. Apongozi anadzuka osagwira pansi, nasenza nkhuni zawo, natsogola.

Bulangete silinanyamulidwe, tithokoze. Koma ankhoswe atamva zonse anagamula kuti mkazi ndi mkazi basi, kaya akhale m'foni: m'nyumba ya Teleza asagonemonso, akakhale kwa apongozi. Mpaka lero mukadutsa m'mawa mumva "Beautiful!" kuseri kwa nyumba yawo, ndipo amake a Teleza amauza aliyense kuti pamudzi ponsepo mwana waulemu ndi wa m'foniyo yekha.

Lolemba lapitali mayi wina anatula dengu la tiyi, nati, "Akapitawo, msana."

A Goodson anayang'ana uku ndi uku, nagwira m'chiuno mwawo.

"Ndi msanadi, mayi. Pepani."